Chilombo chachinayi ndi ndani? Mmene Akhristu oyamba kukumana ndi Chisilamu ankawerengera masiku otsiriza

Pa Khirisimasi ya chaka cha 634 Akhristu a ku Yerusalemu sanapite ku Betelehemu. Mtunda wake sukwana n'komwe makilomita 10, ndipo chaka ndi chaka ankayenda pa mdipiti kukapemphera pamalo pamene amati Yesu anabadwira. Koma ulendo uno njira inali itaopsa chifukwa ankhondo a Chiarabu anali ponseponse m'derali. Sophronius, mkulu wa mabishopu mumzindawo, nkhalamba imene inali itangolandira kumene udindowo, analalikira m'tchalitchi cha mkati mwa linga. Ulalikiwo ulipobe mpaka lero m'Chigiriki. Anakumbutsa anthu za Davide, amene analakalaka madzi a m'chitsime cha ku Betelehemu pamene Afilisiti anali atatchinga njira, ndipo anawauza kuti chatsekereza ulendowu ndi machimo awo. Akalapa, lupanga la adaniwo lithyoka.

Mu ulalikiwo mulibe mawu akuti Msilamu kapena Chisilamu. Akhristu a nthawi imeneyo ankatchula anthuwa ndi mayina akalekale: Asaraseni, ana a Ismayeli, ana a Hagara. Olankhula Chisiriya ankati Tayyaye, kutengera dzina la fuko lina la Aarabu limene ankalidziwa kuyambira kale. Kwa Sophronius awa anali achifwamba a m'chipululu amene alusa kupyola masiku onse, mkuntho woti uwomba n'kupita. Patangotha zaka zitatu kapena zinayi, iye yemweyo ndiye anapereka mzindawo m'manja mwawo.

Aarabu anafika anthuwa ali kale pa moto. Kuyambira mu 602 mpaka 628 ufumu wa Roma wakummawa, umene likulu lake linali Constantinople, unamenyana ndi ufumu wa Perisiya mpaka onse awiri kutheratu mphamvu. Mu 614 Aperisiya analanda Yerusalemu, anapha anthu ambirimbiri, n'kutenga chidutswa cha mtengo chimene Akhristu ankakhulupirira kuti ndi mtanda weniweni wa Yesu. Mfumu Heraclius atapambana anabweza yekha mtandawo ku Yerusalemu mu 630, ndipo anthu anaona ngati Mulungu waonetsa poyera mbali imene ali. Chimwemwecho sichinapite patali. Mu 636 gulu lankhondo la Roma linaphwanyidwa pa mtsinje wa Yarmouk, Syria anapita. Likulu la Perisiya, Ctesiphon, linagwa cha mu 637, ndipo pofika 642 mzinda wa Alexandria ku Egypt unali m'manja mwa Aarabu. Munthu amene anabadwa mu 600 anaona mbendera zitatu pamudzi pake asanamere imvi.

Aliyense amene anakulira mumpingo wokonda kusanthula buku la Danieli akuzidziwa zilombo zinayi za m'chaputala 7: mkango wamapiko, chimbalangondo, kambuku wa mitu inayi, ndi chachinayi chija choopsa, cha mano achitsulo ndi nyanga khumi. Kwa zaka mazana ambiri aphunzitsi a mpingo, monga Hippolytus ndi Jerome, ankati chilombo chachinayi ndi Roma, ndipo pambuyo pake palibenso ufumu wina wa anthu. Ankawonjezapo mawu a Paulo pa 2 Atesalonika 2, onena za chinthu chimene chikuletsa munthu wosayeruzika kuonekera, n'kumati choletsacho ndi Roma yemweyo. Roma akadzagwa, Wokana Khristu watulukira. Ndiye tangoganizani mmonke amene anaphunzitsidwa zimenezi kuyambira ubwana, akuona asilikali a Roma akuthawa kulowera kumpoto osabwereranso. Masamu ake anasokonekera. Kapena mapeto afika, kapena zilombo zija zinawerengedwa molakwika, kapena Roma sanagwe kwenikweni. Mabuku a nthawi imeneyo amene tikambe pano onse akulimbana ndi mfundo imeneyi, lililonse m'njira yake.

Limodzi mwa akale kwambiri ndi kabuku ka Chigiriki kotchedwa Doctrina Jacobi. Nkhani yake imachitikira ku Carthage, m'dziko limene lero ndi Tunisia, mu 634, pakati pa Ayuda amene Heraclius analamula kuti abatizidwe mokakamiza. Myuda wina amene wabwera pakati pawo akufotokoza za kalata yochokera kwa mbale wake ku Palestine, yonena kuti pakati pa Asaraseni pabuka mneneri. Mbaleyo akuti anakafunsa nkhalamba ina yodziwa malemba, ndipo inamuyankha modandaula kuti aneneri sabwera ndi lupanga, n'kuwonjezera kuti mwina nthawi ya Wokana Khristu yayandikira. Wolemba kabukuka anali Mkhristu wofuna kukopa Ayuda, choncho mawu amene akuika m'kamwa mwa anthu akewa tisawameze osatafuna. Komabe akutionetsa kuti mbiri ya mneneri wa ku Arabia inamveka msanga, ndipo anthu anathamangira nayo kwa Danieli.

Cha m'ma 660, wolemba mbiri wa ku Armenia, amene ntchito yake imadziwika ndi dzina la Sebeos, anachita chinthu cholimba mtima: anawerenganso zilombo. Mkango anati ndi Agiriki kumadzulo, kutanthauza Aroma a ku Constantinople. Chimbalangondo ndi Aperisiya kummawa, kambuku ndi mafuko a kumpoto, ndipo chachinayi, chochokera kummwera, ndi ufumu wa Ismayeli. Roma anamutsitsa pampando. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyu analemba za Muhammad mosatukwana. Anati anali wamalonda amene anaphunzitsa anthu ake kudziwa Mulungu wa Abrahamu, anawaletsa vinyo, bodza ndi dama, n'kuwauza kuti dziko limene Mulungu analonjeza Abrahamu ndi cholowa chawo.

Apa pafunika kuima pang'ono, chifukwa mawu akuti "Akhristu" akubisa zambiri. Chichitikireni msonkhano wa ku Chalcedon mu 451, mpingo wakummawa unali utang'ambika pa nkhani ya mmene umulungu ndi umunthu zimakhalira mwa Khristu. Ena anali kumbali ya mfumu ya ku Constantinople. Ena, ambiri a ku Egypt, Syria ndi Armenia, anakana za ku Chalcedon ndipo analawa chikoti cha boma. Gulu lachitatu, Mpingo wa Kummawa, linali ku Iraq ndi Perisiya, kumene silinalamulidwepo ndi mfumu ya Chikhristu. Onsewa ankagwirizana kuti Aarabu ndi mkwapulo wa Mulungu. Ankasiyana pa za wolakwa, ndipo chala chinkaloza kwa mnzako nthawi zonse. John wa ku Nikiu, bishopu wa ku Egypt amene analemba chakumapeto kwa zaka za m'ma 600, anati Aroma anathamangitsidwa chifukwa cha kuipa kwa Heraclius ndi mmene anazunzira okhulupirira oona. A kumbali ya mfumu ankati ayi, ndi mpatuko wa enawo umene wakwiyitsa Mulungu.

Si onse amene ankaona utsi ndi magazi. Ishoyahb III, mtsogoleri wa Mpingo wa Kummawa m'zaka za m'ma 650, analemba m'kalata kuti Aarabu sakulimbana ndi Chikhristu, amalemekeza ansembe ndipo amathandiza matchalitchi ndi nyumba za amonke. Chimene chinkamuwawa ndi china: Akhristu a ku Mazun, kumene lero ndi Oman, anasiya chikhulupiriro popanda wowaopseza ndi lupanga, pongofuna kusunga chuma chawo. Dandaulo limeneli tikumana nalonso.

Mukayala mabuku amenewa motsatira zaka, muona chinthu chimene ambiri sachiyembekezera. Maulosi oopsa kwambiri sanalembedwe pa nthawi ya nkhondo zolanda mayiko. Anachuluka patapita zaka pafupifupi 50, cha m'ma 680 ndi 690. Chifukwa chake chili mu ndale za Aarabu eni ake.

Khalifa (mtsogoleri wamkulu wa Asilamu) Muawiya atamwalira mu 680, Asilamu anayamba kumenyana okhaokha kwa zaka 12. Abd Allah ibn al-Zubayr anadzitcha khalifa ku Makka, Mukhtar anaukira ku Kufa, ndipo a banja lolamulira la Umayya ku Damasiko anatsala madzi ali m'khosi, mpaka kumapereka msonkho kwa Aroma kuti asawathire nkhondo kumbuyo. Pamwamba pa izi, kumpoto kwa Mesopotamiya kunagwa mliri ndi njala mu 686 ndi 687. Mmonke wina wa kumeneko, John bar Penkaye, anaziona ndi maso. Analemba za mitembo yotayidwa m'misewu yosowa woiika m'manda, ndi za anthu amene anapulumuka mliri n'kukafa ndi njala. Iye anayamikira mtendere wa masiku a Muawiya, koma za masiku ake anati zizindikiro zonse zakwana, njala, zivomezi, miliri, ndipo chatsala ndi chimodzi chokha, kubwera kwa Wonyengayo. Ankayembekezera kuti akapolo omasulidwa a m'gulu la Mukhtar, amene anali atalanda mzinda wa Nisibis, ndiwo athetse ulamuliro wa ana a Ismayeli.

Sizinatero. Anapambana ndi Abd al-Malik wa banja la Umayya, amene analamulira kuyambira 685 mpaka 705, ndipo iyeyu ndi amene anasandutsa ulamuliro wa ankhondo kukhala boma lenileni. Ku Mesopotamiya anachititsa kalembera n'kukhwimitsa msonkho wa pamutu. Buku la mbiri la amonke a ku Zuqnin, lolembedwa cha mu 775, limakumbukira kalembera ameneyu ngati chiyambi cha mavuto onse a Akhristu. Ku Yerusalemu anamanga chinyumba cha denga lozungulira pamwamba pa thanthwe, pamalo pomwe panali kachisi wa Ayuda, ndipo chaka cholembedwa pamenepo ndi 72 pa kalendala ya Chisilamu, kutanthauza 691 kapena 692. Mkati mwake analembamo mavesi a Qur'an olankhula kwa Akhristu mwachindunji: kuti Mesiya Isa (Yesu) mwana wa Mariya ndi mtumiki wa Mulungu, ndipo asanene kuti atatu. Pasanapite nthawi anasintha ndalama, kuchotsapo zithunzi n'kulembapo mawu a chikhulupiriro okhaokha, ndipo Chiarabu chinayamba kulowa m'malo mwa Chigiriki m'mabuku a boma. Mlendo uja amene ankamuyesa wongodutsa anali atamanga nyumba ya njerwa, ndipo anali ndi zonena zake pa za Yesu.

M'nyengo imeneyi ndi mmene munatuluka buku limene linaposa onse kutchuka. Analilemba m'Chisiriya munthu wosadziwika dzina, kumpoto kwa Mesopotamiya, kufupi ndi phiri la Sinjar, cha mu 691. Sanalisainire yekha. Analiika m'kamwa mwa Methodius, bishopu amene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro cha m'ma 311, choncho akatswiri amalitcha Pseudo-Methodius, Methodius wongobwerekera dzina. Luso lake n'losavuta kuliona. Munthu wa m'ma 300 "akulosera" kuti ana a Ismayeli adzatuluka m'chipululu cha Yathrib (dzina lakale la mzinda wa Madina), adzagonjetsa Agiriki ndi Aperisiya, adzakhometsa msonkho amasiye, osauka, ngakhale akufa. Womvera wa mu 691 akugwedeza mutu chifukwa zonsezi waziona. Ndiye akafika pa zimene sizinachitike, amakhulupirira nazonso. Kwa wofufuza mbiri, pamene "ulosi" wasiya kugwirizana ndi zochitika ndi pomwe pali chaka cholembedwera.

Wolembayu anakana njira ya Sebeos. Kwa iye Roma ndi ufumu wotsiriza basi, ndipo sungagonje chifukwa uli ndi mtanda. Aarabu si ufumu woti n'kuwerengedwa pa zilombo za Danieli. Anawatcha bulu wakutchire, kutengera mawu a pa Genesis 16:12 onena za Ismayeli, n'kunena kuti Mulungu wawalola osati chifukwa chowakonda koma chifukwa cha chiwerewere cha Akhristu, chimene anachifotokoza mosabisa mawu. Anawapatsanso malire: masabata khumi a zaka, ndiye kuti zaka 70. Mukawerenga kuchokera mu 622, chaka chimene kalendala ya Chisilamu imayambira, mufika mu 692. Munthuyu ankauza anthu ake kuti limbani mtima, kwatsala miyezi.

Zotsatira zake amazifotokoza ngati akuziona. Ana a Ismayeli adzavala ngati akwati n'kumanyoza kuti Akhristu alibe mpulumutsi. Pomwepo mfumu ya Agiriki, imene anthu ankaiyesa yakufa, idzadzidzimuka ngati munthu amene vinyo wamuchoka m'mutu, mawu otengedwa pa Salimo 78:65. Idzawathira nkhondo kuchokera kunyanja ya Akusi, n'kuwasenzetsa goli loposa limene iwo anasenzetsa ena. Padzakhala mtendere umene sunaonekepo, ansembe sadzakhomanso msonkho (apa wansembe wadziulula yekha). Kenaka zipata za kumpoto, zimene nthano imati Alexander Wamkulu anatsekeramo Gogi ndi Magogi, zidzatseguka, mafuko odya zonyansa adzasefukira padziko mpaka mngelo adzawakanthe. Mfumu ija idzakhala ku Yerusalemu zaka khumi ndi theka. Mwana wa chiwonongeko akadzaonekera, wobadwira ku Korazini, wokulira ku Betsaida, wolamulira ku Kaperenao, mfumuyo idzakwera pa Gologota, idzavula chisoti chake n'kuchiika pamwamba pa mtanda, idzatambasula manja kumwamba kupereka ufumu kwa Mulungu Atate. Mtanda udzakwera kumwamba ndi chisoticho, mfumu n'kutsirizika.

Pali kachigawo kena kamene ine ndimaseka nako ndikakawerenga. Salimo 68:31 limati Kusi, ndiye Ethiopia, adzatambasulira manja ake kwa Mulungu, ndipo wolembayo akuvomereza kuti abale ena ankamva vesili kuti likunena za ufumu wa Ethiopia. Nzosadabwitsa, poti mfumu ya ku Aksum inali ya Chikhristu, komanso inali kumbali ya okana Chalcedon. Iye ankafuna kuti vesili ligwere Aroma. Ndiye anawapangira mtundu: anati mayi wake wa Alexander anali Kushet, mwana wa mfumu ya Ethiopia, ndipo kudzera mwa mayi ameneyu mafumu a Agiriki ndi Aroma onse ndi zidzukulu za Kusi. Malemba akakana kupita kumene ukufuna, umawakonzera msewu.

Koma mtima wa bukuli, mmene ndikuonera ine, suli pa Gogi kapena pa chisoti. Uli pa ndime imene akudandaula kuti ambiri mwa ana a mpingo adzakana chikhulupiriro popanda wowakakamiza, popanda chikoti, popanda kuzunzidwa. Ndi kulira komwe kuja kwa Ishoyahb. Pa nthawiyi Akhristu anali akadali ochuluka kwambiri kuposa Asilamu ku Syria, Iraq ndi Egypt, ndipo zinakhala choncho kwa mibadwo ingapo. Komabe msonkho utakwera ndipo mwayi utaoneka kuti uli kumbali ya olamulira, m'busa aliyense ankadziwa kumene nkhosa zingalowere. Bukuli silikuphunzitsa kalikonse za zimene Asilamu amakhulupirira. Silitchula Muhammad, silitchula Qur'an. Likulankhula kwa Mkhristu amene akuwerengera ndalama za msonkho usiku, n'kumuuza kuti usachoke, ino ndi ng'anjo yoyesera golide, ndipo mfumu ikubwerayo idzalanga okana Khristu.

Chaka cha 692 chinafika. Mfumu ya Agiriki ya nthawiyo, Justinian II, inaswadi pangano la mtendere ndi Abd al-Malik, koma pa nkhondo ya ku Sebastopolis asilikali ake a Chisilavu anathawira kwa adani ndipo inagonja. Mu 695 anthu ake omwe anaichotsa pampando, anaidula mphuno, n'kuithamangitsira ku Cherson, ku Crimea. Mu 698 Carthage anagwa, mu 711 Asilamu anawolokera ku Spain.

Munthu angaganize kuti bukulo linathera pomwepo. M'malo mwake olemba ena anangokonza masamu. Ulosi wina wa ku Edessa unasuntha chaka pang'ono, ndipo omasulira ankasintha chiwerengero cha masabata ndi mayina a malo kuti zigwirizane ndi kwawo. Ku Egypt kunatuluka maulosi ofanana nawo m'mayina a Athanasius ndi Shenoute, oyera amene anali atamwalira kalekale. Wina wa pambuyo pake, woikidwa m'kamwa mwa Samuel wa ku Qalamun, amalira chinthu chimene ambiri a ife tingachimve msanga: makolo a Chikhristu akulankhula Chiarabu kwa ana awo, ana sakumvanso Chikoputiki, chinenero chakale cha ku Egypt cha m'tchalitchi, ndipo iye akuti chimenecho n'chizindikiro cha mkwiyo wa Mulungu.

Nkhani zina zinakometseredwa pambuyo. Theophanes, wolemba mbiri wa ku Constantinople wa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 800, ndi amene amati Sophronius ataona Khalifa Umar pamalo a kachisi atavala chovala chakutha cha ubweya wa ngamira, ananena kuti ichi ndicho chonyansa cha kupululutsa chimene Danieli ananena. Mawuwa amatchulidwa kawirikawiri, koma analembedwa patatha zaka zoposa 170. John wa ku Damasiko, amene bambo wake Sarjun anali mkulu woyang'anira chuma m'boma la Umayya, anatcha chipembedzo cha Aismayeli kalambulabwalo wa Wokana Khristu, koma anachiika pa mndandanda wa mipatuko, ndipo anasonyeza kuti akudziwa zina za mu Qur'an. Apa nkhani inali itayamba kuchoka pa kuwerenga masiku kupita pa mtsutso wa ziphunzitso, poti anthu anali atazindikira kuti akhala limodzi nthawi yaitali.

Ndipo si Akhristu okha amene ankayang'ana kumwamba. Buku lina la Chiyuda, loikidwa m'dzina la Rabbi Simon ben Yohai, limati Mulungu anadzutsa ufumu wa Ismayeli kuti apulumutse Israeli ku nkhanza za Edomu, dzina limene Ayuda ankatchulira Roma. Chilombo cha wina chinali mpulumutsi wa wina. Qur'an nayo imachenjeza mobwerezabwereza kuti Nthawi yayandikira, ndipo pa Sura 18 pali nkhani ya Dhul Qarnayn amene anamanga chotchinga kutsekera Yajuj ndi Majuj, ndiwo Gogi ndi Magogi. Miyambo ya Chisilamu imanena za Dajjal, wonyenga wa masiku otsiriza, ndi kubweranso kwa Isa kudzamugonjetsa. Anthu a zipembedzo zitatuzi ankagula pamsika umodzi, ankaopa mliri umodzi, ndipo zithunzi za mapeto ankabwerekana ngati mchere, aliyense n'kusintha woyenera kupambana.

Pseudo-Methodius ndiye anayenda ulendo wautali kuposa onse. Anamasuliridwa m'Chigiriki pasanapite zaka zambiri, kenaka m'Chilatini kuchiyambi kwa zaka za m'ma 700 ndi mmonke wina wotchedwa Petrus, ndipo pambuyo pake m'Chisilavu ndi m'zinenero zina za ku Ulaya. Mfumu yotsiriza ija inasintha mtundu kangapo, ena akuiyembekezera pakati pa Afulanki, ena pakati pa Ajeremani. Olemba mbiri a ku Kiev anatchula Methodius pofotokoza mafuko okwera pa akavalo amene ankawavutitsa m'zaka za m'ma 1090. Amongolia atafika ku Ulaya m'ma 1240, anthu anatsegulanso buku lomwelo. Mu 1498 linasindikizidwa ku Basel ndi zithunzi. Ndipo mu 1683, ankhondo a ufumu wa Ottoman atazinga Vienna, zigawo zake zinasindikizidwa pa timapepala tolimbikitsa anthu a mumzindawo. Panali patadutsa zaka 991 kuchokera pa chaka chimene wolemba wa ku Sinjar anaika, ndipo ana a Ismayeli a pa timapepalato anali Aturuki, anthu amene sanali Aarabu n'komwe.